Nzeru zochepetsera madzi osefukira zizitsika ndi mtsinje

Madzi amene amalowa m'nyumba za anthu ku Makhanga, m'boma la Nsanje, si mvula ya ku Makhanga. Ndi mvula imene yagwa pa phiri la Mulanje ndi m'minda ya ku Thyolo ndi ku Chiradzulu, yatsika ndi Lichenya, Likhubula ndi Thuchila, yalowa mu Ruo, n'kufika ku Chiromo itasenza mchenga, zitsa ndi nthaka ya anthu amene sanapondeko ku Nsanje. Ruo akadzaza kwambiri amatsekereza ngakhale Shire, madzi n'kubwerera m'mbuyo. Chimodzimodzi mtsinje wa Mwanza umene umasautsa anthu a ku Chikwawa: mchenga umene wadzaza m'mtsinjewo mpaka madzi kusowa podutsa unali minda ya anthu a kumtunda. Koma ife tikamakamba za kusefukira kwa madzi timagawa nkhani potsata malire a maboma. Nsanje ali ndi komiti yake, Mulanje yake, ndipo makomiti awiriwa sakhalirana pansi ngakhale kuti mtsinje wawo ndi umodzi.

Mu Januwale 2015 madzi anasamutsa anthu pafupifupi 230,000. Mu Malichi 2019 kunabwera mvula ya namondwe wa Idai. Mu Januwale 2022 namondwe wa Ana anagumula damu la ku Kapichira, dziko n'kutaya mamegawati pafupifupi 130, ndipo magetsi anavuta kwa chaka chathunthu. Mu Malichi 2023 namondwe wa Freddy anapha anthu oposa 1,000 tikawerengera amene sanapezeke, n'kusiya oposa 600,000 opanda pokhala. Ikatha ngozi iliyonse timamva mawu omwewo pa wailesi: tiyeni tidzale mitengo. Mawuwa si abodza, koma ndi operewera kwambiri. Njira zachilengedwe zochepetsera madzi osefukira zili ndi miyeso yake, malo ake, nyengo yake ndi polekezera pake. Akatswiri a zamadzi, a zankhalango ndi alangizi a zaulimi m'dziko muno amazidziwa zimenezi. Vuto ndi lakuti nzeruzo zimatsalira m'malipoti a Chingerezi, ndipo kumudzi kumangofika mbande ndi chithunzi cha tsiku lodzala. Choipa kuposa apo, zimene zalephereka sizinenedwa, choncho mudzi wachiwiri umabwereza cholakwa cha mudzi woyamba.

Tiyambe ndi masamu amene mlimi aliyense ayenera kuwadziwa. Mvula ya milimita imodzi ikagwa pa hekitala imodzi ndi malita 10,000. Mvula ya mamilimita 100, imene imatha kugwa usiku umodzi, ndi malita 1,000,000 pa hekitala, kapena kuti migolo 5,000 ya malita 200. Madziwa ali ndi njira ziwiri zokha: kulowa pansi kapena kuthamangira kumtsinje. Ndipo chimene chimagwetsa nyumba si kuchuluka kwa madzi kokha ayi, koma kufika kwake nthawi imodzi. Madzi omwewo akatsika pa masiku atatu mtsinje umawalandira. Akatsika pa maola asanu ndi limodzi umasefukira. Onjezani apo kuti liwiro la madzi likawirikiza kawiri, mphamvu yake yokokolola imawirikiza kanayi. Ndiye ntchito yonse ya njira zachilengedwe ndi kuchedwetsa madzi, kuwamwaza ndi kuwapatsa pokhala.

Malo oyamba ochedwetsera madzi ndi m'munda. Mzere wotsata kutsetsereka kwa malo ndi ngalande yotumizira madzi ndi fetereza kwa anthu a kumunsi. N'chifukwa chake alangizi amalimbikira za akalozera, mizere ikuluikulu yopingasa imene mizere ina yonse imatsatira. Kalozera sayezedwa ndi maso. Chida chake ndi mitengo iwiri ya mamita awiri yomangidwa pamwamba, wachitatu wopingasa pakati ngati chilembo cha A, ndi chingwe cholendewera chokhala ndi mwala. Anthu ambiri amaiwala kuchiyesa chidacho chisanayambe ntchito. Chiimikeni pansi, lembani pamene chingwe chadutsa pa mtengo wopingasa, sinthanitsani miyendo pa malo omwewo, lembaninso. Pakati pa zizindikiro ziwirizo ndiye pamene pali pofanana. Mukadumpha zimenezi kalozera yense amapendekera mbali imodzi, madzi amasonkhana pamalo amodzi, amaphulika, ndipo pamenepo pamabadwa chigwembe chimene kunalibe. Pamalo otsetsereka pang'ono akalozera angatalikirane mamita 15 mpaka 20. Pamalo otsetsereka kwambiri ayandikirane mpaka mamita 5 kapena 10. Ntchito iyambire kumtunda kwa munda. Mukayambira kumunsi, kalozera woyambayo amasenza madzi a phiri lonse yekha.

Kutseka mizere ndi ntchito yotsika mtengo kuposa zonse ndipo ndi imene timainyoza. Mizere ikatalikirana masentimita 75, n'kuika timizere totseka m'khwawa pa mamita awiri kapena atatu alionse, munda umatha kugwira mvula ya mamilimita pafupifupi 50 madzi asanayambe kutuluka. Kamzere kotsekako kazikhala kakafupi kuposa mzere weniweni, kuti madzi akadzaza adumphire m'bokosi lotsatira m'malo modula mzere wa chimanga, ndipo timizereto tisayang'anizane mzere ndi mzere. Pa dothi la makande, limene madzi salowa msanga, njirayi imaoletsa mizu mvula ikachuluka. Kumeneko muyenera kutsegulako mabokosi ena nthaka ikakhuta. Yerekezani ndi ngalande zosunga madzi zimene mabungwe ambiri amakonda chifukwa zimaoneka bwino pa chithunzi. Ngalande ya theka la mita m'lifupi ndi theka la mita kuya imasunga malita 250 pa mita iliyonse. Ngalande zisanu za mamita 100 pa hekitala zimasunga malita 125,000, imene ndi mvula ya mamilimita 12 ndi theka basi. Zimathandiza, chifukwa zimadzaza n'kuphwa kambirimbiri pa nyengo imodzi, koma amene akukumba adziwe kukula kwa phindu lake, ndipo adziwenso kuti zikadzaza matope osazichotsa ndiye kuti ntchito yatha.

Pa zigwembe ndi pamene ndalama zambiri zatayika. Kadamu kotchinga chigwembe, kaya ndi ka miyala kaya ka mitengo ndi nthambi, sikayenera kuimitsa madzi. Kayenera kuwachedwetsa kuti asiye dothi. Kasapitirire mita imodzi kutalika, ndipo theka la mita ndi labwino koposa. Kalowe m'makoma a chigwembe masentimita 50 mbali zonse ziwiri, apo ayi madzi amalambalala m'mbali n'kukulitsa chigwembecho. Pakati pakhale potsika kuti madzi azidutsa pamenepo. Kumunsi kwake yalani miyala mtunda wowirikiza kawiri kutalika kwa kadamuko, chifukwa madzi ogwa amakumba pansi, ndipo timadamu tambiri timagwa chifukwa chofukulidwa kumapazi, osati kukankhidwa. Kutalikirana kwake kuli ndi lamulo losavuta: pamwamba pa kadamu ka kumunsi pafanane ndi pansi pa kadamu ka kumtunda. Ngati chigwembe chikutsika masentimita 5 pa mita iliyonse, timadamu ta theka la mita titalikirane mamita 10. Dothi likangodzaza kumbuyo kwake, dzalanipo vetiva, nsenjere kapena nthochi. Mitengo yomangira idzaola pakapita zaka ziwiri kapena zitatu, ndipo chimene chidzagwire dothi pambuyo pake ndi mizu.

Tsopano m'mphepete mwa mtsinje, pamene pamachitika zolakwa zomvetsa chisoni chifukwa anthu amakhala atagwira ntchito ndi mtima wonse. Mtsinje ukamakhota, mbali yakunja madzi amathamanga n'kumadya khoma chapansi. Mbali yamkati amayenda pang'onopang'ono n'kumasiya mchenga. Mukadzala mbawa kapena nsungwi pamlomo penipeni pa khoma loimirira limene likudyeka pansi, mwaika katundu wolemera pa denga lopanda mzati. Mizu ya nsungwi imalukana bwino koma sipita pansi kwambiri. Madzi amadutsa kunsi kwake, phata lonse limagwera mumtsinje litanyamula chigawo cha khoma, kenaka limakatseka pa mlatho. Anthu amati nsungwi sizigwira ntchito, pamene cholakwika chinali malo.

Khoma loimirira liyambe lasemedwa kuti likhale lotsetsereka: pa mita imodzi yokwera, mamita awiri kapena atatu opita kumtunda. Kumapazi kwake, pamene madzi amafika chaka chonse, ndi malo a bango, ndipo pokhota pamene madzi amamenya kwambiri pamafunika miyala kapena zikhomo zolukidwa ndi nthambi kuti mbewu zipeze nthawi yogwira. Pamalo otsetserekawo ndi pa vetiva. Gawani phata kuti kachigawo kalikonse kakhale ndi timitengo tiwiri kapena titatu, dulani masamba atsale masentimita 15 mpaka 20, mizu itsale masentimita 10. Dzalani motalikirana masentimita 10 mpaka 15, osapitirira apo. Mzere wa mamita 100 umafuna tizigawo pafupifupi 1,000, ndipo amene amatalikitsa kuti mbewu ikwane amangopanga mipata imene madzi amadutsamo ndi liwiro lalikulu kuposa kale. Mizere ina itsate mtsinje, ina ipingase, kuti madzi oyenda m'mbali mwa khoma azipunthwa. Mizu ya vetiva imapita pansi mamita awiri kapena atatu, ndipo udzuwu ukakhwima umapirira kumizidwa kwa masabata angapo. Koma sufuna mthunzi, ndipo mbuzi ndi ng'ombe zimadya mphukira zake zanthete mpaka kuuzula. Mitengo ikuluikulu malo ake ndi kumbuyo, pamwamba pa khoma: mkuyu, katope, mbawa, mwimbi, msikidzi, nsangu. Nsungwi nazonso zikhale kumeneko. Bulugama asayandikire dambo kapena kasupe.

Nyengo yodzala mitengo m'dziko muno imayamba pa 15 Disembala n'kutha pa 15 Epulo. Kumtunda n'zoyenera, ndipo kudzala koyambirira ndiye kwabwino. Koma pa khoma la mtsinje kalendala imeneyi imapha mbewu. Vetiva wodzalidwa mu Januwale pamalo ofika madzi amakokoloka mu Febuluwale asanagwire. Nthawi yabwino pamenepo ndi pamene madzi ayamba kuphwa, cha mu Epulo ndi Meyi, dothi likadali lonyowa, n'kumathirira ndi madzi a mumtsinje womwewo m'chilimwe. Pofika Disembala mizu imakhala itakhala pansi miyezi isanu ndi iwiri. Kanthu kakang'ono ngati aka ndi kamene kamasiyanitsa ntchito yokhalitsa ndi ntchito yotayika, ndipo n'kovuta kukapeza pa chikwangwani cha pulojekiti iliyonse.

Pa mapiri oti anadulidwa kale mitengo, nthawi zambiri mbande sizofunika n'komwe. Zitsa za mitengo yachilengedwe monga tsamba, mombo ndi mthethe zimakhala zamoyo pansi. Kusiya mphukira ziwiri kapena zitatu zamphamvu pa chitsa chilichonse, kudulira zotsalazo, kulambula njira zotchinga moto mu Meyi ndi Juni, ndi kuletsa ziweto kwa zaka ziwiri kumabweza nkhalango msanga kuposa kudzala, chifukwa mizu ilipo kale. Dziko lino linalonjeza kubwezeretsa mahekitala 4.5 miliyoni a nthaka yowonongeka pofika 2030. Mahekitala amenewo sangakwane ndi machubu a mbande okha.

Madzi amene alephera kugwidwa kumtunda amafuna pokhala kumunsi, ndipo pokhala pake ndi dambo. Elephant Marsh, dambo lalikulu la m'chigwa cha Shire, imene inalembedwa m'kaundula wa madambo ofunika pa dziko lonse wa Ramsar mu 2017, ndi yoposa mahekitala 60,000. Madzi akakwera ndi mita imodzi yokha pamalo onsewo, ndi makiyubiki mita 600 miliyoni amene sanathamangire ku Bangula ndi ku Nsanje tsiku limenelo. Palibe damu limene tingamange kuchigwa ndi ndalama zathu loti lingagwire ntchito yotere. Timadambo ting'onoting'ono ta kumtunda timachita zomwezo pa muyeso wake. Dambo limafa pamene munthu wakumba ngalande yowongoka pakati pake kuti aumitse malo: madzi amapeza njira yachidule, ngalande imasanduka chigwembe, madzi apansi amatsika, zitsime zimaphwa mu Seputembala, ndipo mvula ikagwa zonse zimatsika nthawi imodzi. Ku Lilongwe, madzi amene analowa m'nyumba ku Mtandire mu Febuluwale 2017 anangobwerera pamene Lingadzi ankagona kale. Akuluakulu anati madzi saiwala khwawa.

Pamenepa ena amati: zonsezi n'zochedwa, timangireni madaiki, makoma otchinga madzi m'mbali mwa mtsinje. Pempholi ndi lomveka, ndipo pali malo amene daiki ndi yofunikadi, monga pozungulira chipatala, sukulu kapena msika waukulu. Koma daiki sichotsa madzi, imangowasuntha. Mukatchinga tsidya lino, madzi amakwera tsidya linalo ndi kumunsi. Mtsinje wodzaza mchenga ukapanikizidwa pakati pa makoma awiri, mchengawo umaunjikana mkati momwemo, pansi pa mtsinje pamakwera chaka ndi chaka mpaka kuposa minda ya m'mbali. Tsiku limene daiki idzagumuke, madzi amabwera ndi ukali pa anthu amene anamanga nyumba kumbuyo kwake poganiza kuti ndi otetezeka. Ngati daiki imangidwe, imangidwe patali ndi mtsinje, kusiya malo apakatiwo akhale a madimba ndi msipu. Ifunikanso mwini woisamalira: kapinga pamwamba pake, osadzalapo mitengo chifukwa mizu ikaola imasiya mabowo, kufukula chulu chilichonse cha chiswe, kutseka maenje a mbewa, ndi kukonza pamene ng'ombe zapanga njira. Anthu a ku Netherlands, amene amadziwa madaiki kuposa wina aliyense, anaphunzira zimenezi madzi atawaopseza mu 1993 ndiponso mu 1995, chaka chimene anasamutsa anthu pafupifupi 250,000. Anayamba ntchito yopatsa mitsinje malo pa madera oposa 30, ndipo ku Nijmegen anabweza daiki m'mbuyo mamita 350.

Anthu a kuchigwa ankadziwa kale kugawa malo motere. Kunali mphala, kumtunda kouma kumene kunali midzi ndi minda ya mapira, ndipo kunali dimba, kumene madzi amasefukira n'kusiya dothi lachonde lolimapo chimanga, mbatata ndi nyemba m'chilimwe. Munthu wouza anthu a ku Nsanje kuti achoke kudimba sakudziwa chimene chimawadyetsa. Choyenera kusamuka ndi pogona, nkhokwe ndi khola. Khasu likhale komweko.

Funso lovuta kwenikweni ndi la mlimi amene ali ndi munda wosakwana ekala imodzi, mbali yachonde kwambiri ili m'mphepete mwa mtsinje. Tikumuuza kuti asiye mamita 10 kapena 15 osalima kuti apulumutse anthu amene sadzawaona. Lamulo lokha silingamusunthe, ndipo a mfumu amene akumulamula nawonso ali ndi dimba pomwepo. Yankho ndi lakuti mpatawo uzimupatsa kanthu: nsenjere yodyetsa ng'ombe yamkaka, vetiva wofolerera nyumba ndi wogulitsa mbewu, nsungwi zoluka madengu ndi malichero, mango, nthochi, ming'oma ya njuchi. Ndipo amene amapindula kumunsi, monga opanga magetsi ku Nkula, Tedzani ndi Kapichira amene amawononga ndalama kuchotsa matope m'madamu awo, mabungwe ogulitsa madzi ndi minda ikuluikulu ya mzimbe, ali ndi chifukwa chokwanira choperekera gawo la mtengo wa ntchito ya kumtunda. Chingakhale chilungamo kulipira mudzi potengera mizere ya vetiva ndi mitengo imene ili yamoyo patatha zaka ziwiri, osati chiwerengero cha mbande zimene zinatsitsidwa m'galimoto.

Shire akathira mu Zambezi, madzi athu amakathera m'nyanja yamchere ya ku Mozambique, ndipo anansi athuwa ali ndi zotiphunzitsa. Ku Beira kuli kamtsinje kotchedwa Chiveve kodutsa pakati pa mzinda. Kwa zaka zambiri kanali kotsekeka kumathiriro, kodzaza zinyalala ndi matope. Anakatsegula, anaika zitseko zolola madzi a m'nyanja kulowa ndi kutuluka pamene akukwera ndi kuphwa, anabwezeretsa mitengo ya mangrove (mitengo yomera m'matope a m'mphepete mwa nyanja yamchere) m'mbali mwake, ndipo malo ozungulira anawasandutsa paki yoti madzi amvula azikhalamo akachuluka. Idai atafika pa 14 Malichi 2019 anasasula madenga a mzindawo, pakuti palibe mtsinje ungaletse mphepo, koma madzi amvula pakati pa mzinda anali ndi kolowera. Mudi ndi Naperi ku Blantyre, Lingadzi ndi Nankhaka ku Lilongwe, akufunika maganizo omwewa.

Mitengo ya mangrove, imene yachuluka kumathiriro a Zambezi ndi kuzungulira Quelimane kumene Freddy anatulukira kumtunda pa 11 Malichi 2023, imaswa mafunde ndi mizu yake yoima pamwamba pa matope. Nkhalango ya mamita 100 m'lifupi imachepetsa kutalika kwa mafunde wamba ndi gawo looneka, nthawi zina kuposa theka. Koma nyanja yonse ikatukuka ndi namondwe, pamafunika nkhalango ya makilomita kuti madzi atsike ndi masentimita makumi angapo. Kamzere kamodzi ka mitengo sikateteza mudzi. Ndipo kudzala mangrove kwalephereka m'maiko ambiri pa chifukwa chofanana ndi cha nsungwi zathu. Anthu amasankha mtundu wa Rhizophora chifukwa mbewu zake zazitali n'zosavuta kuzika m'matope, n'kukazidzala kutsogolo kwenikweni pamalo omira nthawi yaitali ndi omenyedwa mafunde, kumene mtunduwo sumera mwachilengedwe. Mangrove amafuna malo amene madzi amafika akakwera koma n'kuchoka nthawi yambiri ya tsiku. Kawirikawiri chofunika ndi kutsegula njira za madzi zimene zinatsekedwa ndi misewu kapena minda ya mchere. Mbewu zimabwera zokha ndi madzi.

Ife tilibe nyanja yamchere, koma gombe tili nalo. Nyanja ya Malawi itakwera mu 2024, madzi analowa m'nyumba ndi m'malo ogona alendo ku Mangochi ndi madera ena a m'mphepete. Bango la m'gombe limagwira ntchito imene mangrove amagwira: limaswa mafunde a mwera, limagwira mchenga, ndipo ndi mobisalamo tiana ta nsomba. Pamene bango lazulidwa kuti pakhale mchenga woyera, kapena pamene mchenga ukukumbidwa n'kumagulitsidwa, mafunde amafika pa maziko a nyumba. Khoma la simenti loimirira limabweza mafunde n'kufukula pansi pake pomwe, ndipo gombe la mnansi limadyeka msanga.

Tiyenera kunena poyera pamene njira zonsezi zimalekezera, chifukwa kubisa zimenezi n'kuika miyoyo pachiswe. Pa nthawi ya Freddy, ku Nkhulambe m'boma la Phalombe kunagwa mvula yoposa mamilimita 1,000 pa masiku anayi, yofanana ndi mvula ya chaka chonse m'madera ambiri a dziko lino. Nthaka ikakhuta, ngakhale ya m'nkhalango yowirira, madzi onse otsatira amangodutsa pamwamba. Akalozera, madambo ndi vetiva zimachepetsa kwambiri kusefukira kwa chaka ndi chaka, zimachepetsa mchenga wodzaza mitsinje, zimapatsa anthu maola owonjezera othawira. Sizingaimitse namondwe wotero. Napolo anatsika ku Zomba mu 1946 ndi ku Phalombe mu 1991, nthawi imene mapiri anali ndi mitengo yambiri kuposa lero. Pa mapiri otsetsereka kwambiri okhala ndi nyumba kunsi kwake, monga Soche pamwamba pa Chilobwe, kukumba ngalande zolowetsa madzi pansi n'koopsa: dothi lokhuta madzi limalemera n'kutsetsereka pa thanthwe. Kumeneko chofunika ndi mitengo ya mizu yakuya, njira zotulutsira madzi bwinobwino, ndi kuchotsa nyumba m'makwawa a phiri. Mlangizi amene waphunzitsidwa ngalande popanda kuuzidwa kumene siziyenera kukumbidwa watumidwa ndi theka la uthenga.

Kodi nanga nzeruzi ziyende bwanji? Poyamba, makomiti a m'midzi oona za ngozi zogwa mwadzidzidzi azikumana potsata mtsinje. A ku Ruo wakumtunda ndi a ku Makhanga aonane kawiri pa chaka, mu Okutobala mvula isanayambe ndi mu Meyi itatha, ndipo ulendowo ukhale wa kumunda ndi kumtsinje, osati wa m'holo ya hotela. Mlimi wa ku Mulanje akaona ndi maso sukulu imene mchenga wa kwawo unakwirira, ndipo wa ku Nsanje akaona kuchepa kwa munda umene mnzake akupemphedwa kusiyako mpata, kukambirana kumasintha. Pa maulendo omwewo ndi pamene manambala a foni amasinthanitsidwa. Mtengo wopentedwa wobiriwira, wachikasu ndi wofiira woimikidwa pa mlatho wa kumtunda, munthu wouwerenga m'mawa ndi madzulo, ndi wina kumunsi wokhala ndi foni yamoto, wenzulo ndi ng'oma, zimapereka maola amene amakwana kutulutsa ana, okalamba ndi mbuzi. Dongosolo limeneli limafa pa zinthu zazing'ono: foni yopanda mayunitsi, woyeza amene wasamuka osasiya wolowa m'malo, mtengo umene wakokoloka osabwezeretsedwa.

Chachiwiri, miyeso ilembedwe m'Chichewa, m'Chisena, m'Chilomwe, m'Chiyao ndi m'Chitumbuka, pa pepala limodzi lokhala ndi zithunzi, ndipo iwerengedwe pa mawailesi a m'madera monga Mzati ku Mulanje ndi Nyanthepa ku Nsanje m'mwezi umene ntchitoyo ikugwiridwa: za akalozera mu Ogasiti ndi Seputembala, za kutseka mizere mu Novembala, za khoma la mtsinje mu Epulo. Alimi otsogola ndi amene akhale ndi chida choyezera ndi nazale ya vetiva, chifukwa pulojekiti imatha pakapita zaka zitatu kapena zisanu koma iwo amakhalabe m'mudzimo.

Ndipo khonsolo iliyonse ikhale ndi buku la zimene zinalephereka, lotseguka kwa aliyense. Bungwe lililonse lodzala mitengo, lomanga timadamu kapena daiki lizilemba malo, tsiku, mtundu wa mbewu ndi muyeso umene linatsata, kenaka mvula ikatha komiti ya mudzi ipite ndi mlangizi kukawerenga zimene zatsala: mbande zingati zili moyo mwa 100 zilizonse, timadamu tingati tagwa ndipo tagwera kumapazi kapena m'mbali, vetiva watseka mzere kapena wasiya mipata, madzi anafika pati pa khoma la sukulu. Pamene madzi anafika pakhomedwe chizindikiro chokhala ndi chaka. Bungwe latsopano lisanapatsidwe chilolezo chogwira ntchito m'dera, liyambe lawerenga bukulo pamaso pa a mfumu ndi komiti, n'kunena chimene lichite mosiyana ndi amene analipo kale.